Chitini cha Anganga, Gawo 6: Amayi Akudziwa Njira

Mwabweranso eti? Ndinadziwa ine.

Inu amayi amene munandigwira mkono pamsika wa Balaka Loweruka lapitali, ndili ndi tomato m'jumbo, n'kumandiumiriza kuti ndikunong'onezeni mwini wa dzanja lili pachithunzi chija, dziwani kuti tomatoyo ndinafika naye kunyumba ali phala, koma pakamwa panga sipanatuluke kanthu. Nanunso abambo a ku Ulongwe amene mwabetcherana tambala ndi alamu anu kuti dzanjalo ndi la mkazi wamseri wa agogo aamuna, tambalayo mumumange mwendo kaye. Musamudye, musamupereke.

Amene mwatipeza m'njira, funsani anzanu. Ine sindibwerera m'mbuyo.

Tinasiyana pati paja? Pa siteshoni ya Balaka, tili atatu: ine, amayi, ndi mnyamata wanga wa Sitandade 4 uja tinamupatsa udindo wosunga matikiti, amene kuyambira tsikulo akukana dzina lake, akuti tizimutchula a Kondakitala. Chitini cha anganga chinali pamiyendo pa amayi, chitakulungidwa m'chitenje ngati khanda. Sutikesi anandisiyira ine. Thumba la kamba anapatsa mdzukulu wawo. Chitini, ayi.

Mukukumbukira mmene anatisekera a m'laini mwathu. Kuno munthu akati akupita kunja ndiye kuti Joni, ndipo amapitira ntchito, osati kukapuma. Amabwerako patatha zaka zitatu masaya ali phwii, firiji ndi matilesi zili pangolo ya basi. Tsono ine kutenga ndalama zonse za banki m'khonde, zija anzanga anagulira malata ndi feteleza, n'kumati ndikukaonetsa amayi nyanja yamchere ku Ilha de Moçambique! Aneba anachita kuomba m'manja. "Madzi basi? Malombe ali apawa, amakulipiritsani?" Ndinawayankha kuti a ku Malombe alibe mchere.

Koma pali chimene ndinakubisirani m'gawo lachitatu. Njira ina inalipo, yapamsewu: minibasi mpaka Mangochi, kukwera phiri kudutsa Namwera, kutulukira pa Chiponde, kulowa Mandimba, kenako Cuamba. Amjomba anachita kutijambulira papepala la kope, mivi ndi mivi. Amayi analiyang'ana kamodzi kokha.

"Ngati si sitima ya ku Nayuchi, ine nditsala."

"Amayi, inu chibadwire simunatulukepo m'dziko muno. Njira mukusankha bwanji?"

"Nditsala."

Ndinkati ndi ukalamba. Ha!

Sitima ya anthu si ya munthu wamtima wapachala. Mumalowa matumba a chimanga, mitolo ya nzimbe, njinga, malata atsopano, nkhuku zomangidwa miyendo zikuphethira pansi pa mipando, ndipo aliyense amadziwa kuti adzafika, koma za nthawi safunsa. Pa Nkaya, pomwe njanji yochokera ku Limbe imakumana ndi yopita ku Nayuchi, tinaima kuti yamalasha idutse. Malasha amenewa amakumbidwa ku Moatize m'chigawo cha Tete, n'kudula pakati pa dziko lathu ulendo wa kunyanja ku Nacala. Chuma cha eni, ife chathu n'kubayibitsa. A Kondakitala anatulutsa mutu pawindo n'kuyamba kuwerenga mabogi mokweza. Anafika pa 87. Kenako panadutsa mayi wa mandasi otentha, ndipo masamu anathera pomwepo.

Amayi kuchokera ku Balaka anali duu. Anatsegula pakamwa titafika pa Liwonde, sitima ikugunda pamlatho, Shire ali tayale pansi pathu, migwalangwa ili ndandanda m'mbali, chapatali pakuoneka Kamuzu Barrage ija anamanga mu 1965. Mwana ankafunafuna mvuu. Amayi ankayang'ana njanji.

"Njanji iyi ndinaiona ikuyalidwa ine."

Ndipo n'zoona, chifukwa inatsegulidwa mu 1970 iwo ali kamtsikana. Anatiuza zoti tsiku limene sitima inalira koyamba kufupi ndi kwathu kwa Kawinga, anganga anali kumunda. Anataya khasu, liwiro la kunyumba, kukatsekera mbuzi m'khola, akuti chilombo chimenecho sichingalire chotero chili chokhuta. Nkhaniyi ndinaimvapo kambirimbiri ndili mwana, koma tsiku limenelo amayi anaifotokoza osaseka. Agogo aamuna nthawi imeneyo kunalibe, anali m'migodi ya ku Joni ndi Wenela. Anabwerera kumudzi pambuyo pa ngozi ija ya mu April 1974, pamene ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kulamula kuti zolemba anthu ziime. Anabwera ndi zinthu zinayi: wailesi, chikhothi chofika m'maondo, chifuwa chosamva mankhwala, ndi chitini cha mabisiketi. Mabisiketi anatha tsiku lomwelo. Chitini ndi chimenechi.

Zam'kati mukuzidziwa: kachitsulo ka nambala yawo ya kumgodi, khadi la chipani, mikanda ya anganga, fungo la fodya wamphuno lomwe mpaka lero silinachoke, ndi chithunzi chodulidwa pakati. Anganga ali pampando, ine ndili khanda pamiyendo pawo, paphewa pawo pali dzanja. Mwini dzanja anapita ndi sizasi.

Tsopano khalani bwino, chifukwa zayambika.

Titadutsa Molipa, pa Namanja panakwera mayi wina wachikulire ndi beseni la matemba a ku Chilwa. Anayenda mpando ndi mpando mpaka anafika pathu. Anayang'ana amayi. Anatula beseni.

"Ali uli? Iii, si inu mwana wa anganga aja a pamtengo wa mango, ankasunga othawa nkhondo aja?"

Amayi anavomera ndi mutu wokha.

Mayiyo anatembenukira kwa ine. Anandiyang'ana kuyambira duku mpaka nsapato, n'kubwereranso. Anagwira pakamwa.

"Ndiye ameneyu ndi uja wa..."

"Matemba mukuchita bwanji?"

Abale inu. Amayi anga ine amanenerera mtengo wa singano. Anabwezapo nkhuku kwa wogulitsa chifukwa cha K50. Koma tsiku limenelo mayiyo atangotchula mtengo wa mbale imodzi, amayi anati, "Thirani zisanu." Osanenerera, osapempha basera. Ndalama zawo zinali m'chitini, ndiye anamasula chitenje mwaphuma, manja akunjenjemera, chivindikiro n'kuvuta monga mwa masiku onse, kenako n'kutseguka mwadzidzidzi. Mikanda mbwee pansi. Chithunzi chinauluka n'kukagwera pamapazi pa a Kondakitala.

Wamatemba uja analandira ndalama zake, naona nkhope ya amayi, nanyamula beseni. Sanatsanzike.

Ndisanapitirire, ndikukumbutseni nthawi imene ndinabadwa, chifukwa ana a masiku ano amaona ngati malire a ku Nayuchi ndi a malonda a mpunga ndi zitenje basi. Ine ndine wa 1988. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itafika poipa, sitima zitasiya kuwoloka, ndipo kuyambira cha m'ma 1986 anthu ankalowa m'dziko muno usiku ndi usana, mphasa pamutu, mwana kumsana. Pofika 1992 othawa nkhondo anali atapitirira 1 miliyoni m'Malawi monse. Ambiri anali m'misasa, koma ena anangolandiridwa m'midzi, poti kumalire kuno Ayao ndi Alomwe a mbali iyi ndi a mbali iyo ndi amodzi, mzere anajambula ndi azungu. M'khitchini mwa anganga munkagona anthu, mbuzi zikugona panja. Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama atasainirana za mtendere ku Rome pa 4 October 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo pang'onopang'ono. Ine zimenezo ndimangokumbukira mwa chimbuuzi: mitolo pabwalo, amayi ena akulira, anganga atandibereka kumsana ngakhale ndinali woyenda kale, chitenje atamanga zolimba mpaka nthiti kuwawa.

Pamjigo anzanga tikayambana ankandinena kuti "kamwana ka kutsidya". Ndikakanena kunyumba, anganga ankatenga chibonga cha nsungwi kukafunsa amene wayambitsa. Ndipo anganga omwewo anali ndi dzina limene ankandiitana tikakhala awiri, makamaka usiku akamandipesa. Silinali la Chichewa, silinali la Chiyao. Amayi akalimva ankakwinya nkhope. Nditafunsa tanthauzo lake, anganga anati ndi dzina la chikondi basi, ndigone. Atamwalira, dzinalo linakwiriridwa nawo limodzi. Ngakhale bambo a kunyumba kwanga salidziwa.

Inunso sindikuuzani. Musavutike kundigwira mkono pamsika.

Tibwerere m'sitima. A Kondakitala anatola chithunzi chija, n'kuchiyandikitsa kumaso monga amachitira ndi matikiti. Mwana ameneyu matenda ake ndi kuwerenga. Amawerenga mabogi, amawerenga mabampu a pamsewu, amawerenga zitumbuwa za anzake.

"Agogo."

"Bweretsa kuno."

"Agogo, amayi ali mwana anali ndi miyendo itatu?"

Ndinamulanda. Zaka zonsezi chithunzi chimenechi ndakhala ndikuchiyang'ana kumtunda, paphewa, pomwe pali dzanja. Nanunso owerenga ndinakutengerani komweko, n'chifukwa chake atambala akubetcheredwa ku Ulongwe. Kumunsi sindinayang'aneko n'kamodzi komwe. Koma m'munsimo, pomwe sizasi inadutsa, pambali pa timiyendo tanga tiwiri, pali kaphazi kena. Kakang'ono ngati tanga. Kachokera mbali imene inadulidwa.

Amayi anatenga chithunzicho m'manja mwanga mwaulemu, ngati akulandira chopereka. Anachibwezera m'chitini. Khwapu.

"Idyani matemba," anatero.

Matemba osaphika, amayi?

Pa Nayuchi tinafika dzuwa litapendeka. Dera lake ndi lathyathyathya, dambo kuno dambo uko, Chilwa kumwera, Chiuta kumpoto. N'chifukwa chake tauni ya tsidya linalo Apwitikizi anaitcha Entre Lagos, kutanthauza pakati pa nyanja. Pasipoti yanga ija munaivutikira nane m'gawo lachiwiri inalandira chidindo chake choyamba. Phaa! Ndikuuzeni zoona, ndinatuluka panja n'kukanunkhiza tsambalo. Inki basi, koma mtima unachita kuti myaa. Ya amayi nayonso inali yatsopano, yosapindika ngakhale pangodya. Ndinaiona ndi maso angawa.

Ndiye tinawoloka. Kunja!

Mitengo ya mango yomweyo. Mbuzi zomwezo. Fumbi lomwelo. A Kondakitala anayang'ana wotchi yanga kuti aone ngati nthawi yasintha monga anamvera kwa anzake a abale ku Ulaya, koma ayi, Malawi ndi Mozambique wotchi ndi imodzi. Galimoto nazonso zimayenda kumanzere ngati kwathu. Anandiyang'ana ngati ndamubera. "Kunja kwake kuli kuti?" Anakhululuka pokhapokha titasintha makwacha kukhala ma metical n'kumugulira pão, buledi wawo uja wolimba kunja, wofewa m'kati, wotentha kuchokera mu uvuni. Anadya atatu n'kulengeza kuti dziko ili ndi labwino.

Kuchoka pa Entre Lagos kukafika ku Cuamba ndi makilomita osakwana 100, koma pa matola amene tinakwera, titapanikizana ndi matumba a mpunga, msana unawerenga ambiri. Ine ndinali nditaloweza mawu anga a Chipwitikizi a m'kabuku, ndiye ndinapatsa moni galimoto yonse mokweza: "Bom dia!" Kunali kukuda. Anthu anaseka mpaka mwana wina kutsamwa. Amayi sanaseke, sanayankhule, sanagone. Mapiri amiyala a ku Cuamba atayamba kuoneka ngati zithunzithunzi mumdima, ndinawamva akupuma mwamphamvu.

Tinagona panyumba ina ya alendo pafupi ndi siteshoni. Ndinadzuka pakati pa usiku n'kuwapeza atakhala pabedi, chitini pamiyendo. Ndinanamizira kugona. Musandiweruze, nanunso mukanatero.

Kutacha tinapita kukagula matikiti a sitima ya ku Nampula, yonyamuka m'bandakucha wa tsiku lotsatira. Ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu, kenako galimoto mpaka pamlatho wautali uja wa makilomita oposa atatu wolowera pachilumba. Madzi amchere anali atatsala pang'ono. A Kondakitala anapinda matikiti atatu n'kuwaika m'sokosi. Ine ndinati tsiku latsalali tizungulire tauni, tione nyumba zakale za nthawi imene Cuamba inkatchedwa Nova Freixo, tigule zitenje zija iwo amati capulana zokagawira aneba oseka aja kuti manyazi awagwire.

Panja pa siteshoni panali anyamata a kabaza. Ndinatsegula kabuku kanga kufunafuna mawu oti msika. Ndisanapeze tsamba, kumbuyo kwanga kunamveka mayi wina akuyankhula Chimakua, chija chimafanana ndi Chilomwe, akuthamanga nacho ngati madzi a mumpopi, akunenerera mtengo, anyamata akuseka n'kumagonja. Ndinati mwina mayi ameneyu angatithandize. Ndinatembenuka.

Anali amayi.

Amayi anga. Obadwira kwa Kawinga, okwatiwa ku Balaka, a Chiyao ndi Chichewa basi, amene Chilomwe amati amangomva moni. Amene pasipoti yawo inali ndi zidindo za dzulo lake zokha.

"Amayi, chimenechi munachiphunzira kuti?"

"Kwera njinga."

"Amayi!"

"Mwana umukhazike patsogolo. Kwera."

Njinga ziwiri, iwo patsogolo, ife pambuyo. Ndipo sanali wakabaza amene ankatsogolera, ayi. Amayi ndiwo ankaloza: apa khota, apa lunjika. Tinasiya msewu waukulu, tinawoloka njanji, tinalowa m'tinjira ta mchenga pakati pa mipanda ya nsungwi. Pena anaimitsa njinga, nayang'ana uku ndi uku ngati asokera, kenako anaona mtengo wa mlambe wong'ambika pakati, n'kugwedeza mutu. Munthu sagwedezera mutu mtengo umene sakuudziwa.

Tinatsikira panyumba ya njerwa zosawotcha, ya malata adzimbiri. Pakhonde panali telala wokalamba, tepi m'khosi, magalasi omangidwa ndi ulusi, akupalasa makina osokera. Pakhomo panali katani ya capulana yofiira. Amayi anaima pampanda. Sanaodire.

Makina analeka kulira.

Mkuluyo anakweza mutu. Anangowayang'ana pang'ono amayi, ngati munthu amene wakhala akumuyembekezera ndipo wachedwa. Maso awo anadzakhazikika pa ine. Anavula magalasi, anawapukuta ndi kansalu, anavalanso. Anadzuka atagwira tebulo. Ndipo ine, mwana wa chithunzi, maso anga anathamangira padzanja. Chala chamkombaphala chinali chopindika.

Ngati chija chili paphewa pa anganga.

Abambo a ku Ulongwe, mwamva? Dzanja ndi la mwamuna. Koma alamu anu asayambe kunola mpeni, chifukwa nawonso sanalase. Iwo anati ndi la amjomba aja anasowera ku Joni.

Palibe amene anapereka moni. Telalayo anakoka kadilowa kakang'ono ka pamakina, muja amasungamo mabatani ndi choko, natulutsa envulopu yakuda ndi litsiro la zaka. Anatulutsamo kapepala kolimba, kodulidwa mbali imodzi, nakaika patebulo chafufumimba, nkhope yake pansi. Amayi analowa, anamasula chitenje, anatsegula chitini, ulendo uno chivindikiro osavuta n'komwe, naika theka lathu pambali pake. M'mphepete modulidwamo munalumikizana ngati mano a zipi.

Ndinatambasula mkono.

Amayi anaphimba zidutswa zonse ziwiri ndi chikhatho chawo.

"Usatembenuze kaye. Khala pansi, mwanangu."

Chibadwire changa amayi sananditchulepo mwanangu ndi mawu onjenjemera chotero. Ndinakhala pamkeka. A Kondakitala anandikanirira m'khwapa, kuwerenga konse kutatha.

Ndiye mkulu uja anatembenukira kuchitseko, anakonza kukhosi, naitana. Anaitana dzina.

Dzina lija. La anganga. La usiku akamandipesa. Limene ndinaliika m'manda pamodzi ndi iwo.

Pakamwa panga panayankha pokha, ine osapauza: "Wee!"

Ndipo m'nyumbamo, kuseri kwa katani yofiira, nthawi yomweyomweyo, mawu ena a mzimayi anayankhanso. Mawu ake ngati ndikudzimva ndekha pa foni.

Katani inagwedezeka. Choyamba kutuluka linali phazi, lopanda nsapato, lotuwa ndi ufa. Chala chachiwiri chotalika kuposa chachikulu, chija anzanga ankandiseka nacho pamjigo.

A Kondakitala anayang'ana phazilo, anayang'ana langa, n'kunong'ona: "Wachitatu uja."

Matikiti a ku Nampula anali akadali m'sokosi. Kaya tinakwera atatu, kaya anayi, kaya sitimayo inatisiya, musandifunse pamsika, Loweruka lino ndatuma mwana. Tambala uja mumumwetse madzi. Tionana sabata yamawa.